Kusandutsa Nthano Yaitali Kukhala Seŵero: Chitsanzo cha Buku la Nervous Conditions

Mau oyamba

Mphunzitsi aliyense wa nthano zolembedwa amafika pa tsiku limene ophunzira amtopera. Buku ndi labwino, iye mwini walikonda, koma pamene akuŵerenga mokweza ena akusinza, ena akuyang'ana kunja. Nthaŵi yotere ambirife timaganiza zoti ana achite seŵero la bukulo. Nzeru imeneyi ndi yabwino ndithu, koma kaŵirikaŵiri imaonongeka m'manja mwathu, chifukwa timayesa kuti kupanga seŵero ndi kungotola mau onse amene ali m'mitengero, kulemba maina a olankhula kumanzere, ndi kuuza ana kuti aloŵeze. Zotsatira zake zimadziŵika: ana aima mzere pansanja, alankhula nthaŵi yaitali osachita kanthu, ndipo kumapeto mmodzi atuluka kudzauza anthu phunziro la seŵerolo.

M'nkhani ino tifotokoza njira ina. Titenga buku limodzi, Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga, lomwe limakamba za mtsikana amene akufunafuna maphunziro, ndipo m'kati mwake akudzifunsa kuti iye ndi yani. Buku lotere ndi lovuta kuposa ena poliika pansanja, pakuti zambiri zimachitikira mumtima mwa mtsikanayo. Mukadziŵa kugwira ntchito pa buku limeneli, mabuku ena sadzakuvutani.

Bukulo ndi mlembi wake

Tsitsi Dangarembga adabadwira ku Mutoko m'dziko la Zimbabwe m'chaka cha 1959. Asanatchuke ndi nthano zazitali adalembako maseŵero, ndipo limodzi mwa iwo, She No Longer Weeps, lidasindikizidwa mu 1987. Nervous Conditions lidatuluka ku London mu 1988 pansi pa kampani ya The Women's Press, ndipo mu 1989 lidapata mphotho ya Commonwealth Writers' Prize ya chigawo cha Africa. Pambuyo pake mlembiyu adapitiriza mbiri ya mtsikana yemweyo m'mabuku ena aŵiri, The Book of Not la 2006 ndi This Mournable Body la 2018.

Nkhani ya bukuli ikuchitika m'zaka za m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, dziko la Zimbabwe likadatchedwa Rhodesia, pafupi ndi mzinda wa Umtali umene lero ndi Mutare. Wofotokoza nkhani ndi Tambudzai, mwachidule Tambu, mwana wa banja losauka la kumudzi. Ndalama za fizi zitapereŵera, makolo ake apitiriza kulipirira mlongo wake Nhamo, iye namsiyitsa sukulu. Tambu alima kamunda ka chimanga kuti apeze yekha fizi. Bambo ake aakulu, omwe banja lonse limaŵatchula Babamukuru, ndi mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya mishoni, ndipo atabwerako ku England mu 1965 atenga Nhamo kukakhala naye. Nhamo amwalira mu 1968, Tambu ali ndi zaka 13. Popeza m'nyumbamo mulibenso mnyamata wina, malo aja apatsidwa kwa Tambu.

Kumishoniko Tambu agona chipinda chimodzi ndi Nyasha, mwana wa Babamukuru, amene adakulira ku England ndipo sagwirizana ndi bambo ake. Aonanso moyo wa Maiguru, mkazi wa Babamukuru, yemwe ali ndi digiri yachiŵiri monga mwamuna wake koma malipiro ake sakhala m'manja mwake. Kumudzi kwatsala amai ake a Tambu, otopa ndi umphaŵi, ndi mng'ono wao Lucia, mkazi wosaopa kulankhula. Kumapeto Tambu apeza malo pa sukulu ya masisitere ya Sacred Heart, pamene Nyasha adwala matenda okana chakudya mpaka kusokonezeka maganizo.

Kusiyana kwa buku ndi nsanja

Tisanagwire cholembera tiyenera kumvetsa kusiyana kutatu. Koyamba ndi kwa nthaŵi. Woŵerenga buku angathe kuthera masabata aŵiri pa mitu khumi ya bukuli, akupuma ndi kubwerera m'mbuyo pamene sanamvetse. Woonera seŵero ali ndi ola limodzi lokha, ndipo chimene chamdutsa chamdutsa. Kwachiŵiri ndi kwa maganizo. Buku limatiloŵetsa m'mutu mwa munthu, koma nsanja imationetsa thupi lake, mau ake ndi zochita zake basi. Kwachitatu ndi kwa malo. Mlembi wa buku amachoka kumudzi kupita ku Umtali ndi chiganizo chimodzi, pamene ife tili ndi bwalo limodzi ndi mabenchi oŵerengeka.

Pa zitatuzi, chachiŵiri ndicho chimagwetsa ambiri. Tambu wa m'buku amatiuza zambiri za mmene mwana wamkazi amaikidwira pambuyo. Ngati maganizo onsewo tiŵaika m'kamwa mwa woseŵera, seŵero lisanduka ulaliki, ndipo anyamata a m'kalasi adzamva ngati akudzudzulidwa nadzatseka makutu. Ntchito yathu tsono ndi kufunsa pa tsamba lililonse kuti: kodi chimene Tambu akutiuza pano chingaoneke bwanji ndi maso?

Kusankha funso limodzi

Bukuli limatsata akazi asanu, ndipo aliyense ali ndi nkhani yokwanira seŵero lakelake. Sitingaŵanyamule onse mofanana. Tiyenera kusankha funso limodzi loti limange magawo onse, monga mtanda umangira denga. Funso limene ndaliona kuti limagwira bwino ndi ili: kodi Tambu alipira chiyani kuti aphunzire? Poyamba alipira thukuta la m'munda. Kenaka malo ake awapeza pa imfa ya mlongo wake. Pambuyo pake alipira kumvera ndi kukhala chete. Potsiriza atalikirana ndi amai ake ndi Nyasha. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo seŵero lathu lidzakhala loonetsa matopewo popanda kunyoza mvula.

Tikagwira funso limeneli, magawo asanu ndi atatu aŵa akukwanira:

1. Nhamo abwera kutchuthi natuma mlongo wake wamng'ono Netsai kukatenga katundu amene wamsiya dala kokwerera basi.
2. Munda wa Tambu, kubedwa kwa chimanga, ndi ndeu ya Tambu ndi Nhamo.
3. Phwando lolandira Babamukuru kuchokera ku England.
4. Uthenga wa imfa ya Nhamo ndi kusankhidwa kwa Tambu.
5. Chakudya chamadzulo choyamba kumishoni.
6. Mkangano wa Nyasha ndi bambo ake usiku wa dansi.
7. Bwalo la banja pa mlandu wa Lucia, ndi kukana kwa Tambu kupita ku ukwati wa kutchalitchi wa makolo ake.
8. Kudwala kwa Nyasha ndi ulendo wa Tambu wa ku Sacred Heart.

Mudzaona kuti tasiya zambiri. Ulendo wa ku Umtali, kumene mphunzitsi Matimba adathandiza Tambu kugulitsa chimanga ndipo mai wina wachizungu dzina lake Doris adapereka mapaundi 10, ungathe kunenedwa m'mau oŵerengeka. Chido, mlongo wake wa Nyasha, angaoneke pang'ono chabe. Ana adzadandaula kuti gawo limene amalikonda lachotsedwa. Aloleni atsutse, koma afunseni kuti gawolo likuyankha bwanji funso lija. Kutsutsana kumeneku ndi phunziro lalikulu la nthano kuposa mafunso ambiri a pabolodi.

Kuonetsa m'malo monena

Pano ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. M'banja la Tambu malamulo a mwamuna ndi mkazi salembedwa paliponse, koma amaoneka m'zinthu zazing'ono: ndani asenza katundu, ndani akhala pampando, ndani asamba m'manja poyamba, ndani adya nyama, ndani aloledwa kulankhula. Zimenezi ndizo chuma cha wopanga seŵero, chifukwa zonse zimaoneka ndi maso.

Titenge gawo lachitatu, la phwando. M'buku Tambu apatsidwa ntchito yosambitsa alendo m'manja, ndipo avutika kudziŵa woyambira, popeza Babamukuru ndiye mlendo wolemekezeka koma m'nyumbamo muli ena omposa msinkhu. Pansanja tiike mipando itatu kapena inai mbali imodzi, ndi mphasa mbali inayo. Amuna akhale pamipando. Nhamo, ngakhale ndi mwana, akhale pafupi nao. Tambu aloŵe ndi beseni la madzi enieni, agwade, ayang'ane uku ndi uku, ayambe kupita kwa wina, abwerere, madzi atayikeko pang'ono. Wotsogolera seŵero asafulumize gawoli. Tambu agwade ndi kudzuka pamaso pa mwamuna aliyense mpaka onse athe, ngakhale zitenge mphindi ziŵiri zathunthu popanda mau. Kenaka mbale za ndiwo zidutse pamaso pa oonera zili zodzaza kupita kumipando, ndipo mphika ubwerere kumphasa uli ndi msuzi wokha. Palibe woseŵera amene ayenera kunena kuti akazi amadya zotsala, pakuti aliyense waona.

Tichenjere pa mfundo imodzi. Kugwada ndi kusambitsa alendo m'manja ndi ulemu umene oonera athu amauchita tsiku ndi tsiku, ndipo seŵero lisauchite chipongwe. Tambu agwade bwino, monga mwana woleredwa. Chimene tikufuna ndi chakuti anthu aone modekha chinthu chimene adachizoloŵera, nadzifunse okha chifukwa chake Nhamo ali pampando pamene mlongo wake ali pansi.

Njira yomweyi igwire ntchito m'magawo ena. Sutikesi ya Nhamo ikhale yaikulu ndithu, kuti Netsai aoneke akupepesuka nayo pamene Nhamo akuyenda manja ali m'thumba. Sutikesi yomweyo ndiyo Tambu adzanyamule popita kumishoni m'gawo lachinai, ndiponso popita ku Sacred Heart m'gawo lomaliza. Oonera adzaizindikira, ndipo adzakumbuka mwini wake woyamba. Pa chakudya cha kumishoni, Tambu apeze mpeni ndi foloko zimene sadziŵa kugwira, Maiguru aziika chakudya m'mbale ya mwamuna wake iye asanadye, ndipo mbale ya Nyasha ichotsedwe ili yodzaza. Mbale imeneyi ikaoneka kaŵiri kapena katatu m'magawo osiyana, matenda a Nyasha sadzadzidzimutsa anthu kumapeto.

Gawo la bwalo la banja limafuna khomo. Jambulani mzere ndi choko pakati pa nsanja, kapena imikani ana aŵiri atagwira nsungwi. Mbali imodzi amuna akukamba mlandu wa mimba ya Lucia, mwini wake kulibe. Mbali inayo akazi ali m'khitchini akumvetsera ndi kukangana okhaokha. Oonera aone mbali zonse ziŵiri nthaŵi imodzi, chinthu chimene buku silingathe kuchita. Ndipo pamene Lucia adumpha mzere uja nakagwira Takesure khutu pamaso pa akuluakulu, anthu adzamva kulemera kwa chimene wachita, chifukwa akhala akuona mzerewo ukulemekezedwa kuyambira pachiyambi.

Vuto la wofotokoza nkhani

Bukuli likufotokozedwa ndi Tambu wamkulu, amene akukumbukira ubwana wake ndipo akudziŵa zimene mwana uja sankadziŵa. Pachiyambi penipeni iye avomera kuti imfa ya mlongo wake sidammvetse chisoni, ndipo buku lonse ndi kufotokoza mmene mwana angafikire pamenepo. Tikachotsa mau a Tambu wamkuluyu, seŵero likhala nkhani wamba ya mtsikana wakhama amene adapambana. Tikaŵasunga onse, tibwerera ku ulaliki uja.

Njira yapakati ndi kukhala ndi a Tambu aŵiri. Wina ndi mtsikana amene akuchita zochitikazo. Wina ndi mai wachikulire amene waima pambali, monga wokamba nthano madzulo. Ana athu njira imeneyi saidabwa, popeza adakula akumva nthano za agogo. Koma tiike malamulo aŵiri. Loyamba: Tambu wamkulu asanene chimene oonera aona kale. Lachiŵiri: alankhule makamaka pamene maganizo ake akusiyana ndi a Tambu wamng'ono. Mwachitsanzo, mtsikanayo akafika kumishoni akusangalala ndi nyumba yokongola, wamkuluyo angathe kungomuyang'ana, kapena kunena chiganizo chimodzi chosonyeza kuti chisangalalocho chidali ndi mtengo wake.

Njira imeneyi imathandiza kwambiri pa m'maŵa wa tsiku la ukwati. M'buku Tambu alephera kudzuka pabedi, ndipo amva ngati watuluka m'thupi lake nkumadziyang'ana ali chigonere. Pansanja mtsikanayo agone osagwedezeka, Babamukuru akumkalipira, pamene Tambu wamkulu waima kumiyendo kwa bedi. Ndipo mau okana atuluke m'kamwa mwa wogonayo, motsitsa, kamodzi kokha.

Chilankhulo

Dangarembga adalemba m'Chingerezi, ngakhale anthu a m'nkhaniyi kumudzi amalankhula Chishona. Woŵerenga amangouzidwa kuti Nyasha ndi Chido adaiŵala Chishona ali ku England, ndi kuti Nhamo atakhala kumishoni adayamba kuchita ngati nayenso wachiiŵala. Pansanja zimenezi tingazimve ndi makutu. Ngati oonera athu ndi olankhula Chicheŵa, anthu a kumudzi alankhule Chicheŵa m'malo mwa Chishona, ndipo a kumishoni alankhule Chingerezi. Tambu akapereka moni kwa Nyasha m'chilankhulo cha kwao, Nyasha nkungomuyang'ana osayankha, bwalo lonse lidzamva kuti pagwa phompho pakati pa ana aŵiriwo. Tambu mwini ayambe seŵero ndi Chicheŵa chokha, Chingerezi chizichuluka pang'onopang'ono, kufikira m'gawo lomaliza pamene amai ake amlankhula m'Chicheŵa iye nkuyankha m'Chingerezi asanazindikire. Amai akeŵa m'buku amanena kuti chizungu ndicho chikuŵalanda ana ao, ndipo oonera adzakhala atamva umboni wake.

Maina a ulemu a Chishona tisaŵasinthe. Babamukuru ndi bambo aakulu, ndiye kuti mkulu wao wa bambo ake a Tambu; Maiguru ndi amai aakulu. Mau ameneŵa ndi osavuta kwa ana athu. Samalaninso pa ubale wa Tambu ndi Nyasha. Chingerezi chimatchula ana onse a abale a makolo ndi liu limodzi, ndipo ana ambiri pomasulira amalemba kuti Nyasha ndi msuweni wa Tambu. Kumeneko ndi kulakwa. Mwana wa bambo aakulu ndi mbale weniweni, ndipo ndicho chifukwa chake kutalikirana kwa atsikana aŵiriŵa kuli kopweteka chotere.

Babamukuru ndi banja lake

Banja la m'bukuli limatsata mtundu wa kwa bambo, ndipo mkazi amapita kwa mwamuna atalipiridwa chuma chotchedwa roora. Ndicho chifukwa chake Jeremiah, bambo ake a Tambu, amaona kuti kuphunzitsa mwana wamkazi ndi kulemeretsa banja la eni, ndipo ndicho chifukwa chake Babamukuru ali ndi mphamvu pa ana a mng'ono wake. Ana ochokera m'madera a maloŵolo, monga ambiri a chigawo cha kumpoto kwa Malaŵi, adzamva zimenezi msanga. Koma ana a Acheŵa, Ayao kapena Alomwe, kumene mwini mbumba ndi malume, angafunse chifukwa chake bambo aakulu akulamula chotere. Ena adzafuna kusamutsa nkhaniyi kuti ichitikire kwathu, Babamukuru asanduke malume. Musalole. Mukatero mfundo ya Jeremiah igwa, ndipo mlandu wa Lucia, amene akukhala pamudzi pa mlamu wake popanda mbale wamwamuna womuimira, sumvekanso. Nkhaniyi ikhale ku Rhodesia komweko. Kusiyana kwa miyamboku kukhale poyambira kukambirana m'kalasi: kodi kumene ana ndi a kwa amai, mtsikana ndiye amayamba kulipiriridwa fizi?

Cholakwa chachikulu chimene ana amachita ndi kusandutsa Babamukuru chilombo: mau aukali kuyambira gawo loyamba, ndodo m'manja, nkhope yokwinya. Seŵero lotere ndi losavuta kuchita, koma ndi labodza. Babamukuru wa m'buku ndi munthu wakhama amene adadzipereka kutukula abale ake onse. Ndiye amalipira fizi, amabweretsa chakudya pa Khirisimasi, ndipo ndiye apezera Lucia ntchito yophika kumishoni, kumene Lucia ayambanso sukulu yamadzulo. Munthu yemweyo ndiye amenya Nyasha ndi kumtchula dzina lonyansa chifukwa chochedwa panja ndi mnyamata, ndipo ndiye akwapula Tambu zikoti 15 ndi kumgwiritsa ntchito za wantchito wa m'nyumba masabata aŵiri chifukwa chokana ukwati uja. Vuto la Tambu lagona pamenepa: kodi ungamkane bwanji munthu amene wakupatsa zonse? Oonera akapanda kumkonda Babamukuru m'magawo oyamba, kukana kwa Tambu sikudzakhala ndi kulemera kulikonse. Choncho woseŵera mbaliyi alankhule mofatsa, aoneke wotopa ndi ntchito, ndipo anthu amuone akupereka asanamuone akulanga. Anyamata a m'kalasi nawonso adzapeza mwa iye ndi mwa Nhamo anthu enieni oti aŵaganizire, osati zithunzi zongoŵanyozera.

Kugaŵa mbali ndi magawo ovuta

Pa sukulu ya anyamata okhaokha kapena atsikana okhaokha, ena adzayenera kutenga mbali za anzao. Zimenezi si zachilendo. Ku England m'masiku a William Shakespeare mbali zonse za akazi ankatenga ndi anyamata. Choopsa ndi chizoloŵezi cha m'zisudzo zoseketsa, pamene mnyamata avala chitenje, aika nsanza pachifuwa, nalankhula ndi mau opyapyala kuti anthu aseke. Maiguru akaseŵeredwa motero, tsiku limene achoka panyumba pa mwamuna wake, nakakhala kwina masiku asanu, lidzakhala nthabwala. Mnyamata wotenga mbali ya mkazi avale mpango umodzi wokha, alankhule ndi mau ake achibadwa, ndipo aphunzire kakhalidwe, kagwiridwe ka zinthu ndi malo amene mkaziyo amaima. Pa sukulu yosakaniza nkothandiza, pa nthaŵi yoyeserera yokha, kusinthanitsa mbali tsiku limodzi: mnyamata anyamule beseni lija nagwade kasanu ndi kamodzi, mtsikana akhale pampando. Pambuyo pake afunseni zimene amva.

Magawo aŵiri amafuna chisamaliro chapadera. Loyamba ndi ndeu ya Nyasha ndi bambo ake, pamene Babamukuru amenya mwana wake ndipo mwanayo abwezera. Mwana asamenyedwe zenizeni pansanja, ngakhale iye mwini atavomera. Dzanja liime patali ndi tsaya, ndipo phokoso lichokere kwa wina woomba m'manja kuseri. Kapena oseŵera onse aume ngati chithunzi pamene dzanja lakwera, Tambu wamkulu nkunena mwachidule chotsatira. Mayendedwe onse ayesereredwe pang'onopang'ono mphunzitsi ali pomwepo.

Lachiŵiri ndi kudwala kwa Nyasha. M'buku iye amadya mokakamizidwa nakasanza mobisa, amaonda, ndipo usiku wina ang'amba buku la mbiri yakale ndi mano naswa magalasi. Atapita naye ku Salisbury, dokotala woyamba akana kuti munthu wakuda sadwala matenda otere. Sikofunika kuonetsa kusanza, ndipo sibwino kuonetsa njira yake pamaso pa ana. Mbale yodzaza ija, diresi limene likumkulira, ndi masamba a buku ali mbwee pansi ndi zokwanira. Kumbukirani kuti pakati pa ana anu pangakhale wina amene amamenyedwa kwao, wina amene adasiyitsidwapo sukulu, kapena wina amene akuvutika mumtima monga Nyasha. Musakakamize mwana kutenga mbali imene waikana, ndipo mwana akabwera kudzakuuzani zakukhosi pambuyo pa kuyeserera, mumvereni ndi kumthandiza kupeza woyenera kumsamala.

Dongosolo la ntchito m'kalasi

Ntchito yonseyi ingatheke m'masabata asanu ndi limodzi, ana atatha kale kuŵerenga bukulo. Sabata yoyamba, kalasi lonse ligwirizane pa funso lomanga seŵero ndi kusankha magawo. Sabata yachiŵiri, gaŵani ana m'magulu, gulu lililonse gawo limodzi, ndipo gulu liyambe lachita gawo lake popanda mau ngakhale amodzi. Anzao anene zimene amva. Chimene sichinamveke ndicho chokha chifuna mau. Sabata yachitatu alembe zolankhula, m'mau aoao osati okopera m'buku, ndipo wolankhula asapitirire ziganizo zitatu wina asanayankhe kapena kanthu kasanachitike. Sabata yachinai mphunzitsi ndi ana oŵerengeka alumikize magawo ndi kulemba mau a Tambu wamkulu. Masabata aŵiri otsala ndi oyeserera. Ana opanda mbali akhale osamala katundu, oimba pakati pa magawo, ndi osunga nthaŵi.

Dziŵaninso kuti bukuli lili ndi mwini wake. Kuchita seŵero m'kalasi ngati njira yophunzirira ndi nkhani ina. Kulionetsa kwa anthu olipira pakhomo, kulijambula kapena kulisindikiza ndi nkhani inanso, ndipo kumafuna chilolezo cha mlembi kudzera kwa osindikiza ake. Bungwe la COSOMA lingakulangizeni pa zimenezi.

Mathero a seŵero

Ana adzafuna kuti seŵero lithe mokondweretsa: Nyasha achire, Babamukuru apepese, Tambu abwere ndi galimoto. Bukuli silitha chotero, ndipo ife tisalikonzere mathero amene mlembi adaŵapeŵa. Tambu wapeza chimene ankafuna, ndipo nchabwinodi, koma ku Sacred Heart apeza atsikana achikuda ataunjikidwa m'chipinda chimodzi, Nyasha ali m'chipatala, ndipo mau a amai ake ayamba kumvuta mumtima. Gawo lomaliza lingakhale losavuta: Tambu wamng'ono waima pakati ndi sutikesi ija, amai ake ali pamphasa kumanzere, Nyasha ali pampando kumanja, ndipo Tambu wamkulu ayandikira nagwira nao sutikesiyo.

Pasatuluke wina wodzanena phunziro. M'malo mwake, tsiku lotsatira mufunse kalasi mafunso monga aŵa: Kodi Tambu akadachita bwino kukhala kumudzi? Kodi Babamukuru adalakwa pati, ndipo adakhoza pati? Nanga Nhamo akadapanda kumwalira, Tambu akadakhala yani? Ana akayamba kutsutsana, ena nkutsegula buku kufuna umboni wa mfundo zao, dziŵani kuti seŵero lagwira ntchito imene mudalipangira.